Kapepala ka M'thumba la Bambo Ako

Enelesi mwana wanga,

Odwala atha msanga lero. Kwangotsala mayi mmodzi amene akudikira kuti diripi ithe, ndiye ndakhala pa tebulo la kuno ku chipatala cha pa esiteti kuti ndikulembere. Kunyumba sindingathe. Uli komweko ukulongedza, ndipo ukangondiyang'ana mawu onse andithawa. Kalatayi ndiibisa pansi pa zovala zako m'chikwama. Ukaiwerenge utafika ku sukulu ya kunja imene akukutumizayo, osati mawa pa siteji ya basi anthu akuona.

Dzulo tikusenda nandolo pakhonde unandiuza kuti mtima wako sukukhazikika. Unati, "Amayi, ndili ndi asilikali makumi atatu. Ndimawadziwa onse mayina, ndimadziwa amene mkazi wake ali woyembekezera, amene bondo limamuvuta. Ndiwasiye amenewa, ndikadzitsekere ndi makompyuta m'chipinda chopanda mawindo?" Ine ndinangoti Mulungu akutsogolera, n'kupitiriza kusenda. Linali yankho laulesi. Za chipinda chimenecho ndikudziwapo ndithu, ngakhale sindinapondemo, ndipo zonse ndinazidziwa polakwitsa.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kunyoza. Iwe unali utangoyamba sekondale ku mishoni, zaka zoyambirira za matipate zija. Bambo ako anali kaputeni wokhala ndi gulu lawo la asilikali, ndipo kumapeto kwa mwezi ankabwera pa galimoto ya usilikali, dalaivala n'kutsika kuwatsegulira chitseko, n'kuwamenyera sawasha pamaso pa anthu onse otchola tiyi. Sindibisa, ndinkazikonda. Ndinkachita kuchedwa dala kutuluka m'nyumba kuti anthu aone kaye. Ndiye mwezi wina anatsika basi ku msewu waukulu, n'kuyenda pansi mpaka kunyumba atavala shati wamba, nsapato zili matope okhaokha. Ndinawafunsa ngati galimoto yafa. Anati, "Ayi, andisintha ntchito. Ndili ku sayifa tsopano." Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo. Anandifotokozera kuti ndi kumene amabisa mauthenga a asilikali kuti mdani akawatola asamve kanthu, ndiponso kumene amamasula obisikawo. Ine m'makutu mwanga munangolowa chimodzi: awalanda anthu, awapatsa mapepala. Ndinati, "Mwalakwa chiyani, bambo a Enelesi? Munthu wa nyenyezi zitatu paphewa akakhale kalaliki?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayeso tinalemba anthu ambiri. Atenga atatu." Basi, anapita kuseri kukatsuka okha nsapato zawo.

Anthu onga ine udzakumana nawo, Enelesi, ena atavala yunifomu ngati yako yomweyo. Adzati wathawa dzuwa ndi jombo chifukwa ndiwe mkazi. Usadzavutike kuwayankha, ndipo sudzaloledwa n'komwe kuwaonetsa chimene ukuchita. Ungokumbukira kuti mayi ako omwe, amene ankagona nyumba imodzi ndi munthu wa ntchitoyo, anaiona ngati chilango. Anthu amalemekeza chimene akuchiona ndi maso. Ntchito yakoyi ikayenda bwino, palibe amene amaona kanthu.

Kulakwa kwachiwiri kunabadwa m'koyambako. Amayi a kumpingo anayamba kufunsa kuti galimoto ija ili kuti, ndipo ine chifukwa cha manyazi ndinawauza kuti bambo ako akuvutika ndi BP, akuluakulu awapatsa ntchito yopepuka. Sabata lotsatira limene bambo ako anali kunyumba, titangodya masana, tinaona amayi asanu ndi mmodzi akukwera chitunda cha kwathu, mabuku a nyimbo m'manja, ena atanyamula nthochi. Anagwada m'chipinda chochezera n'kupempherera bambo ako kuti magazi awo atsike. Munthu wamoyo bwinobwino, amene m'mawa uliwonse ankathamanga mpaka ku mabulugama n'kubwerera. Iwo anagwada nawo, anati ameni pomwe pankafunika, anawathokoza n'kuwaperekeza mpaka pa msewu. Atabwerera anatseka chitseko n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Mayi a Enelesi, ine ndili ndi zambiri zimene sindingakuuzeni, koma sindinakunamizenipo. Ndimati sindinganene, basi. Inunso mukanatero." Ndinayankha mokalipa kuti banja lanji lobisirana. Iwo anati, "Kodi mwezi uno mwayeza magazi anthu angati ku chipatala kwanu? Ndiuzeni mayina a amene mwawapeza ndi matenda aja." Ndinati zimenezo sizinenedwa, ngakhale kwa mwamuna wako. Anati, "Eya." Zaka zonsezo ndinkasunga zinsinsi za theka la esiteti, za akapitawo, za akazi awo, za atsikana otchola tiyi, ndipo sindinaganizepo kuti ndikuwalakwira bambo ako powabisira.

Chonde mwana wanga, chinsinsi uchisunge, koma bodza usalinene. N'zosiyana kutali. Munthu akakufunsa chimene sungayankhe, muuze kuti sungayankhe, umuyang'ane m'maso. Poyamba amakwiya, kenako amazolowera, ndipo mapeto ake amakukhulupirira kuposa anthu olankhula zonse.

Tsopano ndifike pa kulakwa kwakukulu, kumene sunakumvepo, ngakhale kuti iwe unali pakati penipeni pake.

Unali Fomu 3. Bambo ako anali atachoka Lolemba m'mawa, ndipo ine ndikuchapa zovala zimene anasiya ndinapeza kapepala m'thumba la shati, kopindidwa kanayi. Kanali kodzaza zilembo, zisanu zisanu, mizere isanu ndi itatu, zolembedwa ndi dzanja lawo. Panalibe liwu ndi limodzi lomwe lomveka. Poyamba ndinayesa Chilomwe, poti cha kwawoko ine ndimangochimva pang'ono, mpaka ndinayesa kuwerenga mokweza ndili ndekha pa mwala wochapira. Kenako mtima unayamba kundiuza zina. Munthu wasiya kukamba za kuntchito, amabwera ali phee, nthawi zina amangoyang'ana denga milomo ikugwedezeka. Ndinati ndagwira, iyi ndi kalata ya mkazi, aibisa ndi luso la boma. Ndinadziwa kuti ndi ya ku sayifa, usaganize kuti sindinadziwe. Nsanje inangondiuza kuti lamulo la asilikali silikhudza mkazi wa m'nyumba.

Lachitatu nditaweruka ndinapita ku mishoni kwa a Likoswe, aphunzitsi ako a masamu aja. Ndinawanamiza kuti wodwala wina waiwala kapepalako pa benchi. Anakayang'ana, anavula magalasi, anawavalanso, nkhope yonse ikuwala ngati mwana amene wapatsidwa mpira. Anati, "Sisitala, ichi ndi chinthu chokoma kwambiri. Apa sindingachithe lero. Mundilole ndikopere." Ndinalola. Anakopera chilembo chilichonse mosamala, ine n'kubwerera ndi kapepala kanga, n'kukabwezera m'thumba la shati ngati sikanachokemo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mphunzitsi akapeza chinthu chokoma sachisunga yekha. M'mawa mwake a Likoswe anachilemba chonse pa bolodi, mizere yonse isanu ndi itatu, n'kuuza kalasi yonse kuti amene achimasule amupatsa cholembera chawo chofiira.

Zotsatirazo ukuzidziwa kuposa ine, poti umazikamba mpaka lero anthu akakufunsa kuti masamu unawakonda liti. Ine ndikuuze mmene ndinazionera. Unabwera Lachinayi masana, osasintha n'komwe yunifomu, n'kukhala pa tebulo ndi kope lako. Ndinasuzumira, ndipo mizere ija ndinaizindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndinali nditailoweza ndi kuiyang'ana. Ndinafuna kukulanda kopelo koma ndikanati chifukwa chiyani? Ndinangoima pakhomo ndikukuona. Unkawerenga zilembo chimodzichimodzi, n'kumaika timizere m'mbali ngati kalaliki wa pa sikelo akamalemba madengu a tiyi. Unandiuza osatukula mutu kuti, "Amayi, chilembo ichi chikubwerabwera kuposa zonse. Ngati ndi Chingerezi, chimenechi ndi E." Ndinakufunsa kuti wakuuza ndani. Unati palibe, wawerenga zilembo za masamba awiri a buku la Chingerezi n'kuona wekha. Lachisanu dzuwa litatsala pang'ono kulowa unatseka kopelo monyinyirika kuti titsegule Sabata, ndipo ku tchalitchi ndinkakuona milomo ikugwedezeka pa nthawi ya ulaliki, chimodzimodzi bambo ako. Lamulungu masana unakuwa kuchokera pakhonde, nkhuku n'kubalalika. Unabwera ukuthamanga n'kundiwerengera. Uthengawo unkati atumize mabulangete ndi mafuta a galimoto ku gulu lachiwiri pasanafike Lolemba. Mabulangete, Enelesi. Munalibe mkazi aliyense.

Ndinalowa kuchipinda n'kukhala pa bedi. Manyazi analipo, mantha analipo, koma chimene chinandikuta kwambiri chinali china. Ndinkadzifunsa kuti mwana ameneyu ndinabereka ndine? Amene ndinkamupukuta mamina, amene ankaopa abuluzi? Chinthu chimene amuna aakulu anachitseka dala kuti chisatseguke, iye wachitsegula ndi pensulo pa tebulo lodyera. Ndakhala ndikuthandiza amayi kubereka zaka zambiri, ndipo nthawi iliyonse mwana akalira koyamba thupi limandichita tsembwe. Tsiku limenelo linachita chimodzimodzi.

Kumapeto kwa mwezi bambo ako atangofika, usanawalandire n'komwe chikwama, unawatambasulira kope lija pamodzi ndi cholembera chofiira. "Ababa, onani!" Ukukumbukira kuti anakhala pansi pa sitepe osavula chipewa. Anawerenga mzere woyamba, nkhope n'kusintha. Anakufunsa kuti wazitenga kuti, unati pa bolodi. Anafunsa kuti m'kalasi muli ana angati, unawauza. Kenako anafunsa kuti zakutengera nthawi yaitali bwanji, unati masiku atatu, Sabata osawerengera. Anati, "Wachita bwino, mwana wanga," n'kukutuma kukagula sopo kugolosale, ngakhale sopo analipo. Iwe utangochoka anatembenukira kwa ine. Ndinagwada n'kunena zonse ndekha.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anati, "Kulakwa koyamba n'kwanga. Kapepala kameneka sikanayenera kutuluka m'chipinda chija. Ndi ka ophunzira chabe, koyeserera, kamene timapatsa atsopano masabata oyamba. Koma lamulo silisiyanitsa." Ndinawagwira mwendo. Ndinati ngati ndi koyeserera, ndani adziwe? Ana a sukulu aiwala mawa lomwe, a Likoswe afufuta bolodi. Anati, "Mayi a Enelesi, anthu amakwera galimoto n'kulowa m'tchire chifukwa ine ndawauza kuti uthenga wawo palibe wauona. Ndikabisa ichi lero chifukwa n'chaching'ono, mawa ndidzabisa chachikulu, ndipo iwo adzakwerabe galimoto." Tchuthi chawo chinali cha masiku anayi. Anagona tsiku limodzi, m'mawa anavala yunifomu yonse, anakwera basi yoyamba n'kupita kukadzinenera okha.

Patapita sabata kunabwera amuna awiri ovala masuti ku mishoni. Iwe unamva kuti ndi oyendera sukulu. Anakhala ndi a Likoswe mu ofesi maola awiri, anatenga makope a masamu a kalasi yonse, kenako anabwera kuno ku chipatala n'kundifunsa mafunso pa tebulo lomwe ndikulemberapo lino. Kope lako lija, limene unalirira mwezi wathunthu kuti oyendera sukulu sanalibweze, linapita choncho. Bambo ako anawaimitsa kulowa m'chipinda chija. Umeja, udindo wotsatira ukaputeni, umene unali pafupi sunabwerenso. Anapuma ntchito ali kaputeni, ndipo anzawo amene analowa nawo limodzi ena ndi makolonelo. Bambo ako sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale tikakangana. Ine ndimadzikumbutsa ndekha.

Ndiye kumbukira, Enelesi: usanatuluke m'chipinda chimenecho, pisa m'matumba onse, tsiku lililonse, ngakhale utatopa chotani. Ndipo tsiku limene udzalakwitse, poti lidzafika, udzakadzinenere wekha lisanalowe dzuwa. Usadzadikire kuti uone ngati wina waona.

Pa milungu imene ankadikira chigamulo anakhala kuno kunyumba. Inali nyengo ya chiperoni, minda ya tiyi yonse itabisika mu nkhungu, ndipo tsiku lina masana anandiitana pakhonde atatenga chikuto cha paketi ya shuga ndi pensulo. Anati, "Bwerani ndikuonetseni chimene ana a sukulu padziko lonse amachidziwa, kuti chisakuopseninso." Analemba TIYI, n'kundiuza kuti chilembo chilichonse ndichisunthe masitepe atatu kutsogolo, ndikafika kumapeto ndiyambirenso ku A. Ndinawerenga pa zala. Panatuluka WLBL. Ndinaseka, chifukwa tiyi yense anali momwemo koma osaoneka. Kenako anandifunsa kuti ndikuonapo chiyani. Ndinati L alipo kawiri. Anati, "Mdani nayenso waona. Alowera pomwepo, ngati mmene analowera mwana wanu." Anandiuza kuti ntchito yonse ndi ya anthu awiri amene sadzaonana: wina akutseka, wina akufunafuna potsegulira, aliyense akuyesa kuganiza zimene mnzake akuganiza, wina ali kuno, wina kutsidya kwa nyanja. Anati njira zenizeni n'zozama moti munthu atati aziyesa makiyi limodzilimodzi, angakalambe, adzukulu ake n'kukalambanso, asanafike pakati. Ndinayang'ana kachikuto ka shuga kaja n'kuganiza kuti zilembo zomwezi, zimene tinkaimba mu Sitandade 1 titakhala pansi pa mtengo, zikhoza kusunga moyo wa munthu. Ndinachita mantha, mantha abwino, onga amene ndimachita tikamaimba m'tchalitchi modzaza.

Kulakwa kwachinayi kunali kusangalala. Chigamulo chitatuluka anawabwezera ku asilikali, kukatsogoleranso gulu. Galimoto ija inayambanso kubwera, sawasha n'kumamenyedwa pa msewu wa esiteti, ine n'kumati zinthu zabwerera m'malo. Ndinaphika ngati pa ukwati. Koma munthu ankaonda. Tsiku lina ndinawauza kuti akondwere, abwerera ku ntchito ya amuna. Anati, "Kumene ndili ndikusamala anthu zana amene ndikuwaona. Kuja ndinkasamala onse, ndi amene sindidzawaona." Ndinazindikira kuti ndinali ndisanawafunsepo n'kamodzi komwe chimene iwo ankachikonda. Ndinkangofunsa chimene chinkandikomera ine pamaso pa anthu.

Koma tamvera ichi, chifukwa ndi yankho la funso lako la dzulo. Patatha zaka ziwiri anawaitananso ku sayifa, poti anthu oithadi ntchitoyo anali ochepa. Atagwirako miyezi ingapo anandiuza kuti zaka ziwiri zija zinawathandiza. Anati ulendo woyamba anali atayamba kuona mauthenga ngati masewera a zilembo, n'kumanyadira liwiro lawo. Atabwerera kwa asilikali anaimanso pa mvula kudikira uthenga umene unachedwa, anaonanso msilikali akunjenjemera chifukwa mabulangete sanafike. Anati, "Tsopano zilembo zisanu zilizonse zili ndi nkhope." Ndiye asilikali ako makumi atatu aja sukuwasiya ayi. Wa bondo uja, wa mkazi woyembekezera uja, ulowe nawo m'chipindamo. Anzako ena kumeneko adzakhala akatswiri a masamu amene sanagonepo m'tchire. Iwe unagonamo. Usadzaiwale kulemera kwa chikwama cha kumsana, ndipo tsiku lina akadzakubwezera ku perete, usadzatenge ngati akutsitsa. Bambo ako anayenda njirayi kupita ndi kubwerera, ndipo amati ndi ntchito imodzi.

Chaka chatha chomwechi, bambo ako ali kale mkulu wa alonda pa esiteti pano, kunabwera mlonda watsopano ku chipatala, a Chikopa, atadzitema ndi chikwanje pamwendo. Anali msilikali kale. Ndikuwasoka, kuti aiwale ululu ndinawafunsa za usilikali wawo, ndipo anandisimbira za ulendo wina ali kunja kosungitsa mtendere. Anati magalimoto anali atalira kale, aliyense atakwera, kenako wa wailesi anabwera akuthamanga ndi pepala la zilembo zosamveka. Bwana wawo anakhala pa bampala n'kulimasula, anaimirira n'kulamula kuti adzere msewu wina, wautali, woipa. Onse anadandaula. Patapita masiku anamva kuti pa msewu woyamba uja panali anthu obisala akuwadikira. A Chikopa anati, "Sisitala, sindikudziwa kuti anatumiza ndani, anazidziwa bwanji, anali kuti. Koma ana anga atatu anabadwa pambuyo pa tsiku limenelo. Munthu ameneyo ndimamupempherera osadziwa dzina." Ndinaima kaye kusoka. Zaka zimene ankanenazo bambo ako anali m'chipinda chija. Madzulo ndikuwapatsa madzi osamba m'manja ndinawasimbira, n'kufunsa kuti, "Munali inu?" Anati, "Sindinganene." Kenako anawonjezera kuti, "Tinalipo angapo, ndipo mauthenga ankadutsa ambiri." Kwa nthawi yoyamba yankho limenelo silinandipweteke. Tsopano m'mawa uliwonse ndimaona a Chikopa akuwapatsa moni bambo ako pa geti, iwo n'kuyankha, n'kufunsa za mwendo, basi. Mwina ndi iwo, mwina si iwo. Ine ndimangodutsa mwakachetechete ngati ndikudutsa pamalo opatulika.

Za Alifeyo, bwenzi lako, ndinenepo pang'ono. Ndi mnyamata wabwino, ndipo ulendo uja anabwera kuchokera ku Masambanjati pa njinga atanyamula mkoko wa nthochi ndinamukonda. Koma ukhale naye pansi, ngakhale pa foni, umuuze poyera kuti pali chipinda m'moyo wako chimene sadzalowamo mpaka imfa, ndipo si chifukwa chakuti muli munthu wina. Bambo ako sanandiuze zimenezi momveka, ankayesa kuti ndizidziwa ndekha. Munthu wosiyidwa mu mdima amadzipangira nkhani, ndipo nkhani zake sizikhala zabwino. Zina zonse umuuze, zimene wadya, amene wakukwiyitsa, zimene walota, kuti chobisikacho chikhale chimodzi chokha. Paja iyenso ndi mphunzitsi. Matumba ako uziwasamala kawiri.

Monga namwino ndikuuzenso izi. Uzituluka kukaona dzuwa masana aliwonse, ngakhale mphindi khumi. Uzimwa madzi. Maso akayamba kuwawa usamalimbane nawo. Mutu ukamazungulirabe ndi zilembo pa Sabata, usadziimbe mlandu, koma uyesetse kuupumitsa, chifukwa Amene anaupanga mutuwo ndi Yemweyo anati tizipuma. Ndipo nzeru zimene uli nazozi usaziyese zako. Ine ndinaziona zikutuluka pa tebulo lija, ndipo ndikudziwa kuti si ine kapena bambo ako amene tinaziikamo.

M'mawa uno ndisanabwere ku ntchito ndinawauza bambo ako kuti ndikulembera zonse, za kapepala, za a Likoswe, za umeja. Ankamanga zingwe za jombo. Anati, "Lembani. Wakula." Nditafika pakhomo anandiitananso, n'kundiuza chinthu chimene sanandiuzepo zaka khumi ndi ziwiri zonsezi. Anati tsiku la mlandu wawo anaima pamaso pa akuluakulu atatu, makope a ana ali mulu pa tebulo. Wamkulu wa onse anatsegula limodzilimodzi, onse osamalizidwa, mpaka anafika pa limodzi lokhala ndi timizere m'mbali ndi uthenga wonse pansi pake. Analiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Kaputeni, wamasula ichi ndi mphunzitsi?" Bambo ako anati, "Ayi bwana, ndi mwana wa Fomu 3." Anafunsa kuti wamuthandiza ndani. Anati, "Palibe, bwana. Masiku atatu. Ine chinanditengera sabata." Mkulu uja anafunsa dzina la mnyamatayo. Bambo ako anati, "Ndi mtsikana, bwana. Ndi mwana wanga."

Akundiuza zimenezi anali atagwira chingwe cha jombo, osamanga, misozi ili m'maso. Anati, "Ankandilanda umeja m'chipinda chimenecho, mayi a Enelesi, ndipo ine ndinkalimbana ndi kumwetulira."

Diripi ya mayi uja yatha, akundiitana. Upite bwino, Lefutenanti. Mulungu akusunge pamene ukusunga ena.

Ndine mayi ako,
Esinati